Chamba, chifuwa cha m'mamawa ndi kachipangizo kochokera ku Joni

Achemwali ena a ku Senga Bay anditumizira imelo. Mlongo wawo ndi wa kabaza wa njinga yakapalasa, amasuta chamba, ndipo masiku ano akumadzuka ndi chifuwa chotulutsa makhololo. Mnzake wobwera ku Joni wamuuza kuti agule vaporizer, kachipangizo kotenthetsa chamba osachiyatsa, ati mapapo apuma. Achemwaliwa akufunsa ngati n'zoona, komanso ngati amuonjezere ndalama yogulira.

Achemwali, funso lanu landifikitsa kwa amalume anga, amene anali msodzi m'mbali mwa nyanja kufupi ndi Chia. Iwo nkhani ya fodya wamkulu sankabisa. Madzulo ngalawa isanalowe m'madzi ankakhala ndi anzawo kuseri kwa mathandala a usipa, ndudu imodzi n'kumazungulira kuchoka pakamwa apa kupita apo. Ankasakaniza ndi chingambwe n'kupichira m'pepala la nyuzi, likasowa ankang'amba kope la ife ana asukulu. Kasutidwe kawo ndimakakumbukira bwino: kukoka mwamphamvu, kuugwira utsiwo m'chifuwa mpaka maso kuchita psuu, kenako kutsokomola ngati atha. Mayi anga akawadzudzula, ankaseka. "Mlongo wanga, ichi n'chomera cha Mulungu, si za kufakitale. Chimanditsegula chifuwa."

Chowawa n'chakuti pa mfundo yachiwiriyo sankanama kwenikweni. THC, mankhwala amene amaledzeretsa m'chamba, amafutukuladi njira za mpweya kwa kanthawi kochepa. Munthu amamva kupepukidwa, n'kuyesa wapeza mankhwala, pamene utsi womwewo ukuwononga tiubweya tating'onoting'ono ta m'njira za mpweya timene timatulutsa fumbi ndi tizilombo. Tikafooka, makhololo amangounjikana usiku wonse, n'chifukwa chake chifuwa cha osuta chimavuta m'mamawa.

Amalumewo masana ankakhalanso pa moto wowambira nsomba, utsi wa nkhuni uli tolotolo. Chifuwa chitakula agogo anayamba kuwafukiza ndi masamba a bulugamu, kuwaphikira jinja ndi mandimu, ena akuti awalodza anzawo a padoko chifukwa cha nsanje ya ukonde watsopano. Anthu anakangana, mabanja ena mpaka kusiya kupatsana moni. Thupi likutha, thukuta usiku, malaya akuwakhwepa. Pamene ankawatengera kuchipatala anali osatha kuyenda kuchoka kunyumba kukafika kumsewu wa M5 osapumira panjira. Atayeza makhololo anapeza TB. Anamwa mankhwala miyezi 6 n'kuchira, koma mphamvu zokoka ukonde sizinabwerere, anatsala munthu wosoka maukonde a anzawo pansi pa mtengo. Sindikunena kuti chamba chimabala TB, ayi, TB ndi kachilombo koyenda mumpweya. Koma anthu akapanikizana m'kachisakasa, wina akutsokomola, onse akukoka mpweya mozama, kachilomboko sikavutika. Ndipo chifuwa cha utsi chinabisa chifuwa cha TB kwa nthawi yaitali, aliyense akuti "n'chafodya chomwe chija."

Ndiye mawu akuti "n'chachilengedwe" ine amandinyansa. Nkhuni nazo n'zachilengedwe, koma tayang'anani denga la khitchini ya agogo mmene linadera ndi mwaye. Tsamba lililonse likapsa limatulutsa phula, mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide, ammonia ndi zina zoyambitsa matenda, ndipo mapapo safunsa kuti tsambalo linali la mtundu wanji. Mu 1988 gulu la Donald Tashkin ku Los Angeles linayerekeza ndudu ya chamba ndi ndudu ya fodya ya fyuluta mwa anthu osuta zonse ziwiri. Phula lokokedwa ku chamba linali lochuluka pafupifupi katatu, ndipo carbon monoxide m'magazi anakwera pafupifupi kasanu. Chifukwa chachikulu ndi kasutidwe kaja ka amalume, kopanda fyuluta, kukoka mozama ndi kuugwira utsi. Mu 2017 bungwe la National Academies of Sciences ku America linasanthula kafukufuku wambiri n'kupeza umboni wamphamvu woti kusuta chamba nthawi yaitali kumayendera limodzi ndi chifuwa chosatha, makhololo ndi kulira kwa m'chifuwa. Pa khansa ya m'mapapo lipotilo silinapeze kulumikizana ngati kumene kuli pa fodya, ndipo anyamata ophunzira amaikonda kwambiri mfundo imeneyi. Koma osuta amene ine ndinakula ndikuwaona ankasakaniza ndi chingambwe kapena kumalizira ndi ndudu ya m'sitolo. Fodya akalowapo, nkhani ya khansa yabwerera yonse.

Ife a ku Nkhotakota tilinso ndi vuto lathu lonyadira. Munthu ukanena kwanu uli ku Lilongwe kapena ku Blantyre, anthu amayamba kuseka, "kwa Malawi Gold!" Ena mwa ife timasekerera nawo ngati tapata mendulo. Azungu odzaona nyanja amachitama, ife n'kumakhulupirira kuti chathu n'chabwino moti sichingapweteke. Chonsecho chimakulungidwa m'makoko a nthochi, ndipo chikasungidwa ponyowa chimachita chuku. Chuku china, chotchedwa Aspergillus, chimatha kudwalitsa mapapo koopsa mwa munthu amene chitetezo chake chatsika, monga wa HIV amene sakumwa ma ARV bwino. Izi palibe amazikamba. Akuluakulu a mpingo ndi makolo nyimbo yawo ndi imodzi, "upenga, tikakusiya ku Zomba." N'zoona kuti chamba chimatha kudzutsa misala, makamaka mwa oyamba ali aang'ono. Koma mnyamata akaona anzake khumi akusuta osapenga, amataya malangizo onse, pamene zoti befu pokwera chitunda ndi pasenjala akuzimva yekha tsiku lililonse. Bwanji osayambira pamenepo?

Lamulo la chamba la 2020 nalo lasokoneza mitu. Nyumba ya Malamulo inavomereza kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, kwa okhawo ali ndi layisensi ya Cannabis Regulatory Authority. Kumudzi uthenga unafika woti "boma lavomereza chamba." Kusuta kukadali mlandu pansi pa Dangerous Drugs Act, ndipo wapolisi sadzati poti ndi nthunzi, pita.

Nanga vaporizer?

Zilipo za mitundu iwiri, ndipo mnzake wa ku Joni uja mwina sanasiyanitse. Woyamba umatenthetsa tsamba louma pa madigiri a pakati pa 180 ndi 210, pamene nsonga ya ndudu yoyaka imapitirira 600. THC amatuluka ngati nthunzi tsamba lisanapse. Mu 2007 ku San Francisco anayesa anthu 18 ndi makina otchedwa Volcano: THC m'magazi anali wofanana ndi wa osuta, koma carbon monoxide anali wotsika kwambiri. Choncho inde, mtundu uwu umachepetsa zoipa za utsi. Suchotsa chibaba, suteteza mutu, ndipo nthunzi imatha kuledzeretsa kuposa utsi pa mlingo womwewo wa chamba, zimene si nkhani yaing'ono kwa munthu wonyamula anthu pamsewu wa Salima wodzaza malole. Wabwino ndi wodula, umafuna kutchaja, ndipo wotchipa wosasunga bwino kutentha umangowotcha tsambalo, utsi n'kubwerera.

Wachiwiri ndi tija tonga bolopeni, ta mafuta a m'kabotolo. Amenewa ndiye ndikukana poyera. Mu 2019 ku America kunabuka matenda a mapapo otchedwa EVALI. Pofika February 2020 anthu 2,807 anali atagonekedwa m'zipatala ndipo 68 atamwalira, ambiri odwalawo ali achinyamata. Gwero lalikulu linali vitamin E acetate amene ogulitsa mozemba ankasungunulira mafuta a THC. Kabotolo kodutsa m'chikwama pa Mwanza kapena pa Dedza, kopanda woyeza zam'kati mwake, inu mungakapereke kwa mlongo wanu?

Ndalama yanuyo musagulire chipangizo. Mulipireni tsiku limodzi la kabaza kuti asadandaule zotaya makasitomala, mupite naye ku chipatala cha boma ku Salima kapena ku chipatala chaching'ono chapafupi akayeze makhololo. Chifuwa chofika masabata awiri chimayenera kuyezedwa TB, ndipo kuyeza ndi mankhwala omwe n'zaulere. Ngati akuonda, kutuluka thukuta usiku kapena kulavula magazi, musadikire n'komwe. Ayezetsenso HIV ulendo womwewo, ndipo adokotala awauze zoona za zimene amasuta. Akasiya kusuta, chifuwa cha utsi chimachepa mwa anthu ambiri. Akakanitsitsa kusiya, ayambe ndi kuleka kusakaniza ndi fodya, kuleka kugwira utsi m'chifuwa ndi kuleka kulandirana ndudu. Za vaporizer ya tsamba louma mukambirane zotsatira za kuchipatala zitatuluka.