Khonde la mapeva latitimira: fufuzani kaye pansi musanathire mchenga

Amayi, mwati khonde lanu la mapeva kuseri kwa nyumba latitimira mbali imodzi, mvula ikagwa pamachita chithaphwi, ndipo mmisiri akuti azule mapevawo, athire mchenga wina n'kuyalanso. Chonde musavomere msanga. Peva sititimira yokha, chimene chasuntha ndi dothi la pansi pake. Mchenga wowonjezerawo ungobisa vuto, pofika Febuluwale chithaphwi chabwerera pomwepo.

Zulani mapeva asanu pamene pazama kwambiri, mukokolole mchenga. Tengani chitsulo chomangira chotalika mita 1 muchikankhire pansi ndi manja, kenako mukayesenso pabwalo pomwe sipanakumbidwepo. Chikalowa mosavuta pakhondepo koma n'kukana kwinako, dothilo ndi lokwirira ndipo silinatsenderedwe. Izi n'zofala m'mapuloti athu: dzenje lomwe anaumbira njerwa kapena lotayamo zinyalala amangolifotsera n'kuyala khonde pamwamba. Zinyalala zikamawola, dothi limaphwera zaka ndi zaka. Mukapeza timphako ndi tinjira tomatidwa dothi, ndi chiswe. Mukapeza dothi lakuda lomata, long'aluka m'chilimwe, ndi makande: amafufuma akamwa madzi, n'kunyala akauma.

Koma nthawi zambiri mwini mlandu ndi madzi. Mvula ikamagwa imani pakhomo muone pamene madzi a padenga akugwera. Denga la masikweya mita 50 likalandira mvula ya mamilimita 20 limatsitsa malita 1,000, ndipo ngati palibe gatala onsewo amathera pamzere umodzi n'kukokolola mchenga wa pansi pa mapeva. Ngati pansipo pali chinyezi ngakhale mu Seputembala, tsekani mipopi yonse muyang'ane mita ya madzi. Ikamayendabe, paipi ikudontha. Onaninso paipi yochokera kubafa kapena kusinki, imakonda kuguluka polumikizira. Konzani zimenezi kaye musanagule mwala ndi umodzi womwe.

Pokonza, zulani mapeva mpaka theka la mita kupitirira malire a potitimirapo. Fukulani dothi lofewa lonse mpaka mufike polimba, ngakhale dzenjelo lizame kufika m'mawondo. Pano ndi pomwe amisiri ambiri amathamangira, ndipo mpomwe muyenera kuimirira n'kuyang'anira nokha. Ngati ndi chiswe, thirani mankhwala a chiswe molingana ndi zolembedwa pabotolo musanakwirire. Kwirirani ndi dothi lofiira la timiyala, osati la m'munda, ndipo musathire lonse kamodzi. Thirani masentimita 7 mpaka 10, wazani madzi pang'ono, tsenderani, kenako muthire lina. Chinyezi chokwanira n'choti mukalifumbata limagwirana koma osatuluka madzi. Makina otsenderera obwereka ndi abwino koposa. Akasowa, thirani konkireti m'chitini cha penti cha malita 5, zikanimo mtengo, chikauma muzisinjira nacho mpaka chidendene chisasiye chizindikiro.

Pamwamba pake pabwere miyala ya kwale yosakaniza ndi fumbi lake, masentimita 10, kapena 15 pa makande, yotsenderedwa kawiri. Fumbilo limatseka mipata. Miyala yokhayokha imameza mchenga. Kenako mchenga wa kumtsinje wokhakhala, masentimita 3, osapitirira 4. Mchenga wambiri umathawa pansi pa phazi. Pa khonde la mamita 3 kwa 4 muyembekezere mawilibala a kwale pafupifupi 25 ndi a mchenga 6.

Mangani chingwe kuti khonde litsetsereke kuchoka kunyumba, masentimita 2 pa mita iliyonse, kutanthauza masentimita 6 pa mamita 3. Pamwamba pa mapeva pakhale masentimita 15 kunsi kwa pulasitiki wa m'fawundeshoni, kuti chinyezi chisakwere khoma. Salazani mchenga ndi thabwa lowongoka, yalani mapeva, muziwagogoda ndi hamala ya labala. Mzere wa m'mphepete ukhazikeni pa konkireti ya muyezo 1 wa simenti, 2 wa mchenga ndi 4 wa kwale, chifukwa mphepete ikamasuka mapeva amatayana n'kuyambanso kulowa pansi. M'mipata sesereranimo mchenga wouma wosefa, osati simenti, imene imangosweka. Pakatha sabata ziwiri sesereraninso wina.

Ntchitoyi igwireni mvula isanayambe mu Novembala, ndipo mmisiri musamulipire zonse musanathire ndowa zingapo za madzi n'kuona akuthamangira kubwalo. Koma yang'anani khoma la nyumba lomwe lagundana ndi khondelo. Ngati pali mng'alu wotsata mizere ya njerwa ngati masitepe, kapena chitseko cha mbali imeneyo chayamba kukanika kutseka, musakumbe pafupi ndi fawundeshoni. Itanani injiniya wa zomangamanga adzaone kaye.