Musapereke ndalama musanachotse chotchinga chakutsogolo

Achimwene, ndangoona chithunzi mwatumiza cha masipika a Sansui ndi Wharfedale mukufuna kusankhapozo mtima wangoti myuu, chifukwa Sansui yanga inali yotero ndendende, ya timatabwa toluka kutsogolo ngati zenera la tchalitchi. Kukongola kumeneko ndi kumene kunandidyera K170,000 chaka chatha.

Wondigulitsayo anali mkulu wina wa ku Mpondabwino. Akuti masipikawo anali a mzungu amene ankagwira ntchito m'boma likulu lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Inu, ku Zomba kuno chilichonse chakale chimakhala cha mzungu ameneyu, kaya ndi mpando kaya ndi ketulo. Anandiyesera panja, pafupi ndi chigayo, voliyumu mpaka kumapeto, rumba ikugunda. Ine kumangogwedeza mutu ngati wodziwa zinthu. Nditati tichotse chotchingacho ndione mkati anati chimathyoka msanga, tisachivute. Ndinamvera. Makabaza awiri, ulendo wa ku Matawale.

Loweruka lake kunabwera apongozi kuchokera ku Jali, ndipo ndinaitananso mnzanga wina, mphunzitsi wopuma amene amadziwa za masipika. Mayi akunyumba anali atawapukuta ndi mafuta, ayikapo ndi tinsalu toluka pamwamba. Ndinaika nyimbo ya kwaya, motsitsa, kuti akuluakulu amve bwino. Ya kumanja inayamba bwinobwino. Ya kumanzere ikangofika pa mawu a abambo, prrr, ngati chimphepo chalowa m'chitini. Ndinati mwina ndi waya. Ndagwada pansi, thukuta kamukamu, anthu ali duu kundiyang'ana. Mphunzitsi uja anangotenga sikuludiraiva n'kumasula chotchingacho pamaso pa aliyense. Abale inu! Wufa ya Sansui, sipika yaikulu yotulutsa bezi ija, munalibe. Munali sipika ya galimoto, yaing'ono kuposa bowolo, atayikhomera pa kapulayiwudi ndi misomali, m'mbali atamata katoni ndi guluu. Twita imodzi, kasipika ka mawu apamwamba, waya wake anali atadulidwa kalekale, pansi pali mazira a mphemvu okhaokha. Ndiye ya galimotoyo ndi ya 4 ohms pamene inzake ndi ya 8, kutanthauza kuti imakoka magetsi ambiri, ampulifaya yanga inali itatentha mbali imodzi ngati mbaula. Apongozi anangoti, "Komatu kabatiyo ndi yabwino, mutha kusungamo mbale." Mayi akunyumba sanayankhule. Mpaka lero sanayankhulepo, ndipo zimenezo ndi zomwe zimandipweteka kwambiri.

Mkulu uja foni yake inakhala yozima masiku anayi. Nditamupeza anati, "Munamva nokha, munagula nokha." Munthu wa imvi zake, wopemphera! Ankadziwa bwino chifukwa chomwe anandiyesera pafupi ndi chigayo.

Za kamvekedwe ndikuuzani zomwe makutu anga anamva, poti kenako ndinapeza Wharfedale Linton kwa mphunzitsi yemweyo. Ma Sansui a timatabwa aja ndi a ku Japan, a m'ma 1970, ndipo amadzaza masipika ambirimbiri m'bokosi limodzi. Amafuula ngakhale ndi ampulifaya yaing'ono, mawu apamwamba ali thwa, koma bezi yake siitsika pansi monga kukula kwa bokosilo kumakulonjezerani, ndipo mukamvera maola awiri makutu amatopa. Wharfedale ndi ya ku England, bokosi wamba la nsalu kutsogolo, mlendo sangaicheukire n'komwe. Koma mawu a munthu amatuluka ngati woimbayo wakhala nanu pabalaza. Kwaya, gitala, ngakhale nkhani za pa wailesi, mumamva chilichonse osakweza. Pa phwando ndiye ayi, imafuna mphamvu ndipo siikonda kukakamizidwa.

Ndiye chitani izi. Chotsani chotchinga, akakana nyamukani. Kankhani wufa pang'onopang'ono ndi zala, ikamakhula mkati ndiye kuti koyilo, waya wokulungidwa wa mkatimo, inapsa. Onani mkombero wake: ukakhala wa siponji umafumbutuka ukakalamba, wa nsalu kapena labala umapirira. Gogodani pansi pa bokosi, chifukwa chinyontho cha kuno kumunsi kwa phiri chimafufumitsa matabwa a utuchi aja, makamaka akakhala pa simenti nyengo ya mvula. Yeserani m'nyumba, motsitsa, sipika imodzi imodzi, ndi nyimbo yanu yomwe mukuidziwa. Maonekedwe asakunamizeni ngati ine.

Komabe Sansui yanuyo ikapezeka kuti mkati ndi yeniyeni, itengeni msanga wina asanakupitireni, zinthu zokongola chonchija sakupanganso. Zanga zija zikadali pabalaza, pamwamba pali maluwa, alendo amaziyamikira. Zomwe zimaimba ndi ma Wharfedale, ndinawabisa kuseri kwa sofa chifukwa mayi akuti akuoneka ngati mabokosi a maliro a ana. Wina akadziwa komwe ndingapeze wufa ya Sansui ya mainchesi 12 andiuze ku inbox.