Woimbitsa wakuda wa ku Croydon: n'chifukwa chiyani anamwalira wosauka?

Bambo wina woimbitsa kwaya ya kumpingo wanditumizira imelo. Akuti anaona chithunzi chakalekale cha munthu wakuda atavala suti, pansi pake atalembapo kuti Samuel Coleridge-Taylor, wopeka nyimbo wa ku England. Funso lake ndi ili: "Kodi n'zoona kuti munthu wakuda ankaimbitsa azungu zaka zoposa 100 zapitazo? Nanga ngati anatchuka chotero, bwanji ndikumva kuti anafa alibe kanthu?"

Bambo, zonse ziwiri n'zoona, ndipo yachiwiriyo imandipweteka mtima nthawi iliyonse ndikaikumbuka.

Anabadwira ku Holborn mu mzinda wa London pa 15 August 1875. Bambo ake, Daniel Taylor, anali a ku Sierra Leone ndipo anapita ku London kukaphunzira udokotala, koma anabwerera ku Africa mwanayo asanabadwe. Anakulira m'manja mwa mayi ake achizungu, Alice Martin, ku Croydon. Vayolini anaigwira akadali kamwana, ndipo mu 1890, ali ndi zaka 15, analowa ku Royal College of Music. Kumeneko anaphunzira kupeka nyimbo kwa Charles Villiers Stanford.

Chaka chimene chinasintha zonse ndi 1898. Wopeka nyimbo wina wa ku England, Edward Elgar, atapemphedwa kupeka nyimbo ya chikondwerero cha Three Choirs ku Gloucester, anati watanganidwa, n'kuwauza kuti ntchitoyo aipereke kwa mnyamatayu. Kenako mu November chaka chomwecho, ku koleji kuja kunaimbidwa koyamba Hiawatha's Wedding Feast, nyimbo yaitali ya kwaya ndi zida yomwe mawu ake anawatenga m'ndakatulo ya Longfellow, mlakatuli wa ku America, yonena za Hiawatha, mtsogoleri wa Amwenye a ku America. Anali ndi zaka 23 zokha. Makwaya a m'dziko lonselo anailandira ndi manja awiri, moti kwa zaka zambiri inkapikisana ndi Messiah ya Handel pa kutchuka.

Yankho la funso lanu lagona apa. Mnyamatayo anagulitsa nyimboyo kwa kampani yosindikiza ya Novello pa mtengo wa mapaundi 15 ndi mashileni 15, kugulitsiratu, osatsala ndi gawo lililonse. Inu mukudziwa mmene kwaya imayendera: woimba aliyense amafunika pepala lakelake m'manja. Taganizani kwaya ya anthu 200, tauni ndi tauni, chaka ndi chaka. Mabukuwo anagulidwa miyandamiyanda, mwini wake osalandirapo ngakhale khobidi lina. Sindimunena kuti anali wopusa. Anali mnyamata wosauka wofuna ndalama ya lero, ndipo masiku amenewo opeka ambiri ankatero. Palibe amene akanadziwa kuti nyimboyo ifika komwe inafika. Koma kampaniyo inaona ndi maso ake mmene zinthu zinayendera, ndipo ine ndimaona kuti inayenera kuchita manyazi.

N'chifukwa chake kuimbitsa kunakhala khasu lake. Mu 1899 anakwatira Jessie Walmisley, ngakhale akwawo kwa mkaziyo poyamba anakana chifukwa cha khungu lake, ndipo anabereka ana awiri, Hiawatha ndi Gwendolen amene pambuyo pake anadziwika ndi dzina loti Avril. Kuti banjali lidye, bamboyo anali kalikiliki: kuimbitsa gulu la Handel Society ku London kuyambira 1904, kuphunzitsa ku Trinity College of Music ndi ku Guildhall, kukwera sitima kukaweruza mipikisano ya makwaya, kupeka nyimbo za m'masewero, usiku n'kumalembanso zake. Woimbitsa aliyense akudziwa kutopa kwa tsiku la pulakatisi, mawu atasasa, phewa likuwawa. Iye umenewo unali moyo wa tsiku ndi tsiku.

Chomwe ndimamukondera kwambiri n'chakuti sanabise magazi a bambo ake, ngakhale ku Africa sanapondeko. Mu 1900 anakhala nawo pa msonkhano woyamba wa Pan-African ku London, komwe kunalinso W.E.B. Du Bois, womenyera ufulu wa anthu akuda wa ku America. Anthu akuda a ku Washington anayambitsa kwaya yaikulu n'kuitcha dzina lake, ndipo iye anapita ku America katatu, mu 1904, 1906 ndi 1910. Pa ulendo woyamba Pulezidenti Theodore Roosevelt anamulandira ku White House, pa nthawi yomwe munthu wakuda ankakanizidwa ngakhale mpando m'malo odyera ambiri. Mu 1905 anatulutsa Twenty-Four Negro Melodies, nyimbo za piyano zomangidwa pa nyimbo za akapolo a ku America, za ku West Indies ndi za ku Africa kuno. Ngati muli ndi nthawi yomvera chinthu chimodzi chokha, yambani ndi Deep River ya m'bukuli. Imayamba pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuimba yekha madzulo.

Kumapeto kwa August 1912 anagwa pa siteshoni ya sitima ya West Croydon. Chinali chibayo, pa thupi lotheratu ndi ntchito. Anamwalira pa 1 September, ali ndi zaka 37, ndipo anaikidwa ku manda a Bandon Hill. Anthu atamva kuti wopeka nyimbo yomwe dziko lonse linkaimba wasiya mkazi ndi ana opanda pogwira, anadzidzimuka. Mfumu George V inalamula kuti mkazi wamasiyeyo azilandira mapaundi 100 pa chaka. Nkhani yake inali imodzi mwa zimene zinakankha oimba kuyambitsa Performing Right Society mu 1914, bungwe lotolera ndalama za opeka nyimbo zawo zikaimbidwa pagulu, ngati mmene COSOMA imachitira ku Malawi.

Kuyambira 1924 mpaka 1939, Hiawatha inkachitika pafupifupi chaka chilichonse mu holo yaikulu ya Royal Albert Hall ku London, oimba mazanamazana atavala nthenga kumutu, holo yodzaza, nthawi zambiri woimbitsa Malcolm Sargent ataima kutsogolo ndi kandodo kake. Nkhondo yachiwiri itayamba, mwambowo unaima.