Marimu a 18 anandichezetsa usiku panjira ya ku Ulongué

Achimwene, mwati mukufuna kugula marimu a mainchesi 18 a galimoto yanu, dikirani kaye musanapereke ndalamazo, mtima wanga wayamba kale kuwawa. Yanganso ndi Toyota Wish ngati yanuyo, inabwera ndi matayala a 195/65 R15, ine nkumati ikuoneka ngati ya agogo. Mnyamata wina wogulitsa marimu mu Tete muno anandiika a 18 ndi matayala a 225/45, akuti bwana ikwana bwinobwino, mabowo ndi asanu omwewo. Mabowo analidi asanu, 5x100, koma dzenje la pakati linali lalikulu kuposa 54.1 mm ya Toyota, ndipo timphete totsekera mpatawo sanaike. Ndikangofika pa 90 chiwongolero chimanjenjemera ngati munthu wa malungo. Ndikakhota kwambiri tayala nkumakhula mkati, khwee khwee. Ndinabwerera, iye amvekere zizolowerana. Zizolowerana!

Ndiye kunagwa maliro ku Angónia, dera la ku Ulongué, mu Febuluwale, mvula ili pakati. Ndinanyamula apongozi aakazi, mayi a kunyumba ndi azilamu awiri, kumbuyo thumba la ufa. Tadutsa Moatize bwinobwino, takhota pa Mussacama cha m'ma 7 usiku. Dzenje linali litadzaza madzi, ndinaliona ngati chithaphwi chabe. Phuu! Matayala awiri a kumanzere nthawi imodzi, lakutsogolo litang'ambika m'mbali, rimu yakumbuyo itapindika pamlomo. Mphira wa m'mbali pa 225/45 ndi masentimita 10 basi, pomwe akale aja anali pafupifupi 13, ndiye galimoto italemera chonchija chinatsala nchiyani choteteza chitsulo? Sipeya imodzi. Ndatulutsa sipanala, sikulowa, kani manati amene anandiika amafuna kiyi yakeyake yomwe sanandipatse. Mvula ikutsika, foni ili pa 6 peresenti, magalimoto akuluakulu opita ku malire a Calómue akungotiwaza matope. Apongozi sanayankhule kanthu, anangofunda chitenje kumutu nkuyamba kuimba nyimbo ya maliro chapansipansi. Bola akanandikalipira. Mlamu wanga anakwera njinga yamoto kukasaka makaniko, anabwera naye 2 koloko ya usiku, manati anachita kuwagogoda ndi tchizulo. Tinakafika anthu akuchoka kumanda.

Mnyamata uja nditamufuna anati vuto ndi kayendetsedwe kanga. Lero akandiona amalowa kuseri kwa kontena. Munthu wodziwa kuti misewu yathu ndi yotani, wodziwa kuti kutentha kwa mu Tete kumapitirira madigiri 40 ndipo tayala lopyapyala lakalekale silipirira, koma nkumakugulitsa zimenezo akuseka. Nditawerenga manambala anayi a deti m'mbali mwa tayala lija ndinapeza kuti linali la zaka 8.

Chinanso, tayala likatalika sipidomita imanama. Yanga ikaloza 100 ndinali pa 104, ndiye pamalo a 60 apolisi akakuimitsani musatsutse. Mafuta nawo imamwa mowonjezera.

Ndiye ine ndikuti zisiyeni, khalani pa 15. Mukakakamira, 205/55 R16 ndi msinkhu umodzi ndi oyamba aja, funsani za timphete, kiyi ya manati muilandire m'manja musanalipire. Koma kunena zoona a 18 aja amakhala bwino pa Wish, pa mlatho wa Samora Machel anthu amachita kucheuka. Atatu abwinowo ndikadali nawo, wopindikayo anauwongola. Ngati simutuluka mu tauni ndipezeni ku inbox, kapena ndingowabwezeretsa ndekha pa Khrisimasi.