Foni, TV ndi nthambo yosaoneka: mafunso anu pa Chinyanja

Mafunso a ulendo uno abwera ngati munachita kupangana. Ambiri akukhudza ma TV atsopano aja amene amaonetsa zimene zili m'foni popanda kulowetsa nthambo iliyonse. Ndasankhapo ochepa, ndipo mayina ndawasiya monga mwa nthawi zonse.

Mphunzitsi wa ku Katete akuti: "Ndimaphunzitsa Chinyanja ku sekondale. Ndinafuna kuonetsa ana kanema wa mwambo wa Kulamba amene ndinajambula ku Mkaika. Ndinalemba pa bolodi kuti tilumikiza foni ku TV pa wayilesi, poganiza kuti ndiko kumasulira kwa mawu oti wireless. Ana anaseka. Ndinalakwa pati?"

Aphunzitsi, ana aja sanaseke pachabe. Ndi zoona kuti wayilesi anachokera ku wireless, koma mawuwa analowa m'chilankhulo chathu kalekale, Chipata akali kutchedwa Fort Jameson, ndipo atangofika anapatsidwa ntchito imodzi yokha. Lero munthu akati "ndamva pa wayilesi", tonse timadziwa kuti akunena Breeze FM, Radio Maria kapena ZNBC. Ana anu anamva ngati mukufuna kuulutsa Kulamba pa wayilesi. Mawu obwereka akakhazikika satsatiranso za kwawo kumene anachokera.

Nenani kuti "tilumikiza foni ku TV popanda nthambo". Mukhozanso kunena popanda waya, kapena popanda chingwe. Ine ndimasankha nthambo, chifukwa chingwe chimamangiranso mbuzi ndi nkhuni, pamene nthambo kwathu kuno imapita msanga ku za magetsi. Samalani ndi kusiyana kwa popanda ndi yopanda. Yopanda imafotokoza chinthu, popanda imafotokoza kachitidwe. Mukati "TV yopanda nthambo" mwanena bodza, pakuti TV ija ili nayo nthambo yake ya ku magetsi, ndipo Zesco ikazimitsa imazima monga ina iliyonse. Chimene chilibe nthambo ndi kulumikizako.

Mnyamata wokonza mafoni pafupi ndi msika wa Kapata akufunsa: "Makasitomala akabwera ndi foni yovuta ndimawauza kuti yakonekita kapena siinakonekite. Amalume anga akuti ndikuononga chilankhulo, ndizinena kuti foni yalumikiza. Wolondola ndani?"

Mwana wanga, amalume ako asankha mneni wabwino koma amugwira molakwika. Kulumikiza kumafuna wochita ndi chochitidwa. Iwe ndiwe ulumikiza, foni ndiyo ilumikizidwa. Ukati "foni yalumikiza", womva amadikira kuti umalize: yalumikiza chiyani? Chinyanja chili ndi njira zingapo pano, ndipo iliyonse imanena china. "Ndalumikiza foni ku TV" ndiye kuti ntchito ndaichita ine. "Foni yalumikizidwa" ndiye kuti wina waichita, sitikusamala kuti ndani. "Foni yalumikizana ndi TV" ndiye kuti ziwirizi zagwirizana, ndipo kachidutswa ka -ana kaja kamakoka ndi, osati ku. Timalumikiza ku TV, koma timalumikizana ndi TV.

Palinso ina imene pa ntchito yakoyo ndi yamtengo wapatali: kulumikizika. "Sizikulumikizana" ndi vuto la lero, mwina Wi-Fi ya m'foni ndi yozimitsa, mwina TV sinatsegulidwe pamalo polandirira. "Sizingalumikizike" ndiye kuti ngakhale utayesa mpaka kuche, palibe chimene chichitike. Zoterezi zilipodi. Mafoni ambiri a Android amalankhula ndi TV mwa njira yotchedwa Miracast, imene inakhazikitsidwa mu 2012, ngakhale kampani iliyonse imaipatsa dzina lakelake: pa foni za Samsung upeza Smart View, pa TV za LG upeza Screen Share, pa TV zambiri za Hisense upeza Anyview Cast. Koma iPhone ndi iPad sizidziwa Miracast, zili ndi njira yawoyawo ya Apple yotchedwa AirPlay. Kasitomala akabwera ndi iPhone pamene TV yake imadziwa Miracast yokha, mawu oyenera kumuuza ndi akuti "izi sizingalumikizike pazokha, pafunika kachipangizo kena pakati". Yesa kunena zimenezo ndi kukonekita uone mmene lilime lipindikire.

Sindinena kuti kukonekita ndi tchimo. Pamsika anthu akumvana, ndipo chilankhulo sichifa ndi mawu amodzi. Tinabwereka kutchaja chifukwa makolo analibe mabatire. Koma kulumikiza tinali nako kale, ndipo kumagwira ntchito kuposa mlendoyo.

Funso limene landisangalatsa kwambiri lachokera kwa mayi wa ku Mchini: "Mwana wanga amati waika filimu mu TV. Tsiku lina anatuluka ndi foni yake filimu nkuima pomwepo. Tsiku linanso anatuluka nayo koma filimu inapitirira mpaka kutha. Ndinamufunsa, iye anangoti ndi cast. Kodi tinene kuti filimu ili mu TV kapena pa TV, nanga cast ameneyo m'Chinyanja ndi chiyani?"

Amayi, mwafunsa za tizilembo tiwiri koma mwakhudza mmene zinthuzi zimagwirira ntchito. Mu amanena za m'kati, mosungira. Pa amanena za pamwamba, poonekera. Nyimbo zimene mwana wanu anasunga zili m'foni, koma akamaonera mpira amaonera pa foni. Chimodzimodzi ndi TV. Filimu imene munkaonera ija inali pa TV, simunali mu TV ayi, chifukwa TV sinaisunge. Mukazimitsa n'kuyatsanso simuipezamo.

Tsono masiku awiri aja panachitika zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ana athu amazisokoneza pozitchula dzina limodzi. Tsiku loyamba foni inali kutumiza ku TV chilichonse chooneka pa galasi lake, mphindi ndi mphindi, kudzera pa Wi-Fi yolunjika pakati pa ziwirizo. Azungu amati screen mirroring. TV pamenepo ilibe chake, ingobwereza. Foni ikapita patali, batire ikatha, chithunzi chimaima. Ubwino wake ndi woti sipafunika intaneti: kanema wa ukwati kapena wa Nc'wala ku Mtenguleni amene ali kale m'foni mumaonera osadya bandulo ngakhale pang'ono. Kuipa kwake ndi koti TV imabwereza zonse, osasankha. Uthenga wa pa WhatsApp ukalowa umatulukira pakhoma, apongozi ali pompo. Ouzidwa amve.

Tsiku lachiwiri mwana wanu ayenera kuti anatsegula YouTube n'kudina kachizindikiro kaja kooneka ngati bokosi lokhala ndi timizere tokhota pakona. Apa foni situmiza zithunzi. Imangouza TV kumene kanemayo ali pa intaneti, TV n'kukadzitengera yokha. Foni imatsala ngati rimoti: kuimitsa, kupititsa patsogolo, kukweza mawu. Njira imeneyi inafala Google itatulutsa kachipangizo kotchedwa Chromecast mu 2013, ndipo lero ma TV ambiri amabwera nayo m'kati. Kuti iyambe, foni ndi TV ziyenera kukhala pa Wi-Fi imodzi, ndipo TV iyenera kukhala ndi intaneti. N'chifukwa chake mwana anatuluka filimu n'kupitirira. Koma intanetiyo ikadakhala yochokera pa hotspot ya foni yake yomweyo, ndiye kuti foniyo ndiyo ikugawira TV intaneti, filimu ikadaimanso, pakuti akadapita nacho chitsime.

Nanga tizitchule bwanji? Ndaonapo ena akulemba kuti "kuponya kanema pa TV", ena "kuchita kalilole". Zonse ziwirizi ndi Chingerezi chovala chitenje. Munthu wa ku Vubwi akamva kuti mwaponya kanema afunsa ngati sanasweke. Ine ndinganene chonchi: njira yoyamba ndi kuonetsa foni pa TV, chifukwa chooneka ndi foni yonse. Njira yachiwiri ndi kutumiza kanema ku TV, kapena ngati mufuna kunena zenizeni, kutuma TV kuti ikatenge kanema. Onani kuti pa ndi ku zasinthana malo mosavuta. Choonetsedwa chimakhala pa, chotumizidwa chimapita ku. Mwana wanu akanena chimodzi mwa ziwirizi mudzadziwiratu ngati akuloledwa kutuluka ndi foni kapena ayi.

Mkulu wina wa ku Chadiza walemba mokwiya pang'ono: "Mdzukulu wanga wabwera kuchokera ku Lusaka ndi tabuleti. Madzulo anandiuza kuti ambuye, bwerani titambe. Ine ndine mkulu wa mpingo. Kodi ana a masiku ano alibe mantha?"

Ambuye, mtima pansi, mdzukulu sanakuitanireni ku manda. M'Chichewa cha kwathu kutamba ndi ntchito ya mfiti usiku, izo n'zoona. Koma Chinyanja cha m'tauni ku Lusaka chinatenga mawu ambiri ku Chibemba, ndipo kumeneko ukutamba ndi kuonerera. Mwanayo amafuna kuti muonere naye limodzi kanema. Mawuwa afika kale ndi m'Chipata momwe, achinyamata akuti "tikatambe bola" popanda kuganiza za ufiti. Sindingawaletse, koma polemba, pa guwa ndi pamaso pa akulu, mawu athu ndi kuonera. Kuona ndi kwa maso chabe, mukhoza kuona TV m'sitolo muli kudutsa. Kuonera ndi kukhala pansi n'kutsatira zimene zikuchitika. Muuzeni mdzukuluyo mofatsa tanthauzo linalo, ndikhulupirira adzaseka mpaka misozi.

Mtsikana wa ku Petauke akufunsa mwachidule ngati Bluetooth tingailembe bulutufu, ndiponso chifukwa chake TV ya kwawo ikana kuonetsa zithunzi pa Bluetooth.

Limenelo ndi dzina, mwanawe, lisiye mmene lilili, monganso Wi-Fi. Linatengedwa kwa mfumu ina yakale ya ku Denmark, Harald Bluetooth. Pakamwa tchula mmene lilime lako lifunira, palibe adzakumanga. Kukana kwa TV si vuto la kalembedwe. Bluetooth ndi njira yopapatiza, imakwanitsa kunyamula mawu kupita ku sipika kapena ku zomvera m'makutu, koma kanema woyenda amafuna Wi-Fi.

Lotsiriza lachokera kwa mlembi wa kwaya ina ya ku Lundazi, amene akukonza kapepala ka malangizo: "Kodi ndilembe TV yathu kapena TV wathu? Tabuleti yanga kapena langa? Ndipo ndilembe chingwe kapena cingwe, popeza buku la mwana wanga la kusukulu lili ndi c yekha?"

Achimwene, mawu ambiri obwereka amagwera m'gulu la nyumba ndi mbale, ndiye timati foni yathu, TV yathu, tabuleti yathu. Pochulukitsa amatenga ma-, n'kusintha gulu: mafoni athu, ma TV athu, matabuleti athu. Amene amati "TV wathu" asokonezedwa ndi kanema, pakuti kanema ali m'gulu la galu ndi fodya, timati kanema wathu. Ku Malawi mudzamva kanema akutanthauza TV yeniyeniyo, kapena wayilesi ya kanema. Kuno kwathu ndi bwino kusiyanitsa, TV ikhale chipangizo, kanema akhale chooneka pamenepo, makamaka m'kapepala kamene mufuna kunena kuti "tumizani kanema ku TV". Tabuleti musaiope kuti anthu aganiza za mankhwala. Palibe amalumikiza panado ku TV, chiganizo chokha chimamasula.

Pokana, musameze chilembo. Lembani "TV siikuoneka pa foni", kapena siyikuoneka ngati mumakonda kuika y, chifukwa i wachiwiriyo ndiye akuimira TV. Ambiri amalemba sikuoneka, ndipo m'mabuku mudzapezamo zotero, koma m'malangizo oti anthu atsatire ndi bwino kuti wowerenga asakayike kuti chosaonekacho n'chiti.

Za c ndi ch, buku la mwana wanu silinalakwe. Kalembedwe kamene Unduna wa Maphunziro kuno ku Zambia unavomereza mu 1977 kamalemba c pamene a ku Malawi amalemba ch, ndiye kuno cingwe ndi Cinyanja, uko chingwe ndi Chinyanja. Katchulidwe n'kamodzi. Ine pano ndimalemba ch chifukwa ondiwerenga ali mbali zonse ziwiri za malire, ndipo dzina la mzinda wathu lomwe timalilemba Chipata. Ngati kapepala kanu kakawerengedwa ndi ana a sukulu ndi aphunzitsi awo, tsatirani c wa m'mabuku awo. Chimene sindifuna kuona ndi cingwe pamzere woyamba, chingwe pamzere wachitatu. Sankhani kumodzi, mulembe choncho mpaka pansi pa pepala.