Inki yakuda yokha ndi yokwanira

Mlongo wina wanditumizira imelo. Amajambula ndi cholembera chakuda chokha, ndipo anthu akumuuza kuti zithunzi zake n'zosatha mpaka atazipaka utoto. Akufunsa ngati awamvere. Achemwali, funso lanuli landikhudza pachilonda.

Inenso ndinauzidwa zomwezo. Bambo wina wosindikiza makhadi a ukwati anakankha zojambula zanga ndi chala chimodzi, amvekere, "Achimwene, izi n'zamaliro. Kapakeni utoto mubwerenso." Pamwamba panali mtsikana ataweramira pachitsime, tsitsi ndinalidetsa bii mpaka pepala linatupa ndi inki. Ndinatsika masitepe m'khosi muli gwa, ndipo panapita nthawi ndisanagwirenso cholembera.

Amene anandidzutsa ndi Aubrey Beardsley, mnyamata wojambula wa ku Brighton, ku England, wobadwa mu 1872. Ankagwira ukalaliki pakampani ya inshuwalansi ku London pamene wosindikiza mabuku J. M. Dent anamupatsa ntchito yojambula Le Morte d'Arthur, nthano za mfumu Arthur ndi asilikali ake apakavalo zimene Thomas Malory analemba ndipo William Caxton anasindikiza mu 1485. Bukulo linatuluka m'zigawo 12, mu 1893 ndi 1894, lili ndi zojambula zoposa 300. Taonani chithunzi cha msilikali Tristram atakweza chikho cha mankhwala achikondi pamaso pa Isoud, mwana wamkazi wa mfumu ina. Mulibe mthunzi wotuwa ngakhale pang'ono. Pali chakuda, pali choyera, ndi mzere woonda ngati ulusi, koma mtima umagunda podziwa kuti akangomwa, zawo zada.

Chifukwa chake chinali makina. Osindikiza a Dent ankajambula zithunzizo ndi kamera n'kuzisamutsira pachitsulo cha zinki, asidi n'kudya malo opanda mzere. Chitsulo chotere sichidziwa zotuwa. Beardsley sanadandaule, anajambula zimene chitsulocho chimatha kunyamula.

William Morris, amene anatsegula Kelmscott Press, malo osindikizira mabuku pamanja, mu 1891, sanakondwe nazo, ankaona ngati mnyamatayo akubera luso lake n'kulitchipitsa. Mabuku a Morris ndimawalemekeza. La zolemba za wandakatulo Geoffrey Chaucer la mu 1896 lili ndi zithunzi 87 za Edward Burne-Jones, zosemedwa pamanja pathabwa. Koma lotchipirapo lake linkagulidwa mapaundi 20! Morris, munthu wolalikira kuti luso likhale la anthu onse, ndi kalaliki uti akanagula? Apa ndili kumbali ya Dent ndipo sindisuntha. Ndipo onena kuti Beardsley anawononga nthanozo potopa nazo n'kuyamba kulowetsamo tizilombo ta miyendo ya mbuzi ndi asilikali ofooka osagwira lupanga, akuiwala kuti nthanozi zadzaza chigololo, nsanje ndi kuperekana. Lancelot, msilikali wa Arthur, anagona ndi mkazi wa mfumu yake. Nkhope zotopazo zikunena zoona.

Chifuwa chachikulu chinamutenga Beardsley ku Menton, ku France, mu 1898, ali ndi zaka 25. Zimandiwawabe.

Nanga mutani?

Musapake. Gulani inki yakuda kwambiri ndi kabulashi kodzazira malo aakulu, chifukwa bolopeni imasiya mizeremizere. Musanayambe, sankhani pamene padzakhale bii ndi pamene simudzakhudza n'komwe. Mukamaliza, kachiteni fotokope mochepetsa kukula ndi theka. Mizere imene yasowa kapena yamatana, ijambuleninso mokhuthala ndi motalikirana.