Tomato ndi chiperoni sizimwerana madzi

Achemwali, mukuti mukufuna kubzala tomato wopanda mankhwala mu Meyi muno, kuno ku Thyolo? Imani kaye chonde. Ine mpaka lero mtima ukuwawabe.

Manyowa ndinapanga ndekha, zitosi za nkhuku, mapesi, masamba a nthochi ndi phulusa, kutembenuza mpaka atapola n'kuda bii. Mbande ndinagula kwa mnyamata wina pamsika, akuchita kulumbira kuti n'zopanda matenda. Timasamba tam'munsi tinali ndi timadontho, nditafunsa akuti ndi matope chabe. Zinagwira bwino, n'kubereka, ana n'kumawerenga matimati tsiku lililonse.

Kenako mu Juni chiperoni chija chinafika, kamvula kowaza kosaleka, nkhungu kuphimba minda ya tiyi, dzuwa osaoneka. M'mawa wina ndikupita kudimba ndinapeza masamba ali ndi mawanga akuda onyowa ngati wina wawathira madzi otentha. Kutembenuza tsamba, kunsi kuli nguwi yoyera. Mawa lake mitengo yada mpaka m'tsinde, matimati aawisi achita zigamba zofiirira, ukawagwira olimba gwa, kenako n'kumawola ali pamtengo pomwepo. Fungo lake! Ndinasinja nimu, tsabola, sopo, kupopera m'mawa ndi madzulo manja atachita dzanzi ndi kuzizira. Palibe chinasintha, chifukwa vutoli, lotchedwa chiwawu, si tizilombo toluma ayi, ndi matenda oyenda ndi chinyezi. Sabata isanathe ndinali kuzula bedi ndi bedi, misozi ili m'maso.

Nditabwerera kwa mnyamata uja, mukudziwa anati chiyani? "Mayi, mukanapopera ngati anzanu, za manyowazo n'za mabungwe." Akuseka, anzake akumuthandiza. Munthu wopanda chisoni, kugulitsa mbande zodwala kwa mzimayi woti akufuna ana adye ndiwo zabwino! Ndipo adakalipobe, akupusitsa ena.

Ndiye inu fesani nokha nazale, mbande zapamsika ayi. Ngakhale kunena zoona, chiperoni chikalimba ngakhale mbande zanuzanu zimapita, moti amayi oyandikana nane anafesa okha koma anazulanso. Nyengo yozizira ino bzalani mpiru, repu ndi chayinizi, zimenezi ndi manyowa okha zimakondwa. Tomato dikirani Ogasiti kukayamba kutentha. Mumangirireni ku timitengo, thotholani masamba am'munsi, thirirani patsinde m'mawa osanyowetsa masamba, ndipo pomwe panali mbatatesi musabzalepo chifukwa matenda ake ndi amodzi. Wodwala zulani n'kuwotcha, osaponya pa kompositi. Kukatentha kumabwera kangaude wofiira, apo ndiye nimu ndi sopo zimathandizako.

Mankhwala sindiwafuna m'dimba langa, musandimve molakwa. Koma kapaketi ka kopa, mankhwala oteteza ku chiwawu, kamakhala m'nyumba, ndipo nkhungu ikangoyamba kutsika ndimapopera matendawo asanaoneke. Funsaninso alangizi a kwanuko za muyezo wake.